Pa satifiketi ya kubadwa, bambo ndi ndani: mwamuna wa pa ukwati kapena mwini mimba?

Nachisale
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yanga, chonde musandiweruze, ndikungofuna nzeru. Ndimakhala ku Germany. Ine ndi amuna anga tinapatukana zaka zitatu zapitazo, aliyense ali kwake, koma kukhoti sitinapiteko chifukwa panalibe chokanganirana. Katundu tinagawana mwamtendere, ana tinalibe. Panopa ndili ndi bambo ena, takhala limodzi zaka ziwiri, ndipo ndine woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chiwiri.

Dzulo tinapita ku ofesi kukafunsa za mapepala oti bambowa avomereze mwana asanabadwe. Mayi amene tinawapeza anangondifunsa funso limodzi, ngati ndili pa ukwati. Nditayankha kuti eya koma tinasiyana kalekale, anatseka fayilo n'kunena kuti pa satifiketi ya kubadwa adzalembapo amuna anga akale aja ngati bambo a mwana. Munthu woti sitinagone nyumba imodzi zaka zitatu! Bambo a mwanayu chichokere kumeneko sakuyankhula. Kodi zimenezi n'zoona, kapena mayi aja sanamve bwino Chijeremani changa chothyokathyokachi?

A Mbewe
Pepani mayi. Koma zimenezo ine sindikuzimvetsa. Mwini mimba alipo, akuvomera yekha, waima pamaso pawo, ndiye akalembe munthu wina? Pepala lingasinthe magazi? Chibale ndi fupa, sichiola.

Mayi a Yankho
Achemwali, nanga zaka zitatu zonsezo kukhoti osapita bwanji?

Nachisale
Ndavomera, mayi, ndinazengereza. Ndimaona ngati kusudzulana ndi nkhani ya anthu ofuna kukwatiwanso, ndipo ine za ukwati wina sindimaziganizira.

Thokozani
A Nachisale, mayi aja anakumvani bwinobwino, ndipo anakuuzani zoona. Ine si loya wanu, ndinangophunzirako malamulo a za mabanja, koma ndifotokoze pamene pagona nkhani.

Malamulo a mayiko ambiri anatengera mfundo ziwiri zakale za Aroma. Yoyamba ndi mater semper certa est, kutanthauza kuti mayi sakayikitsa, ndi amene wabereka. Yachiwiri ndi pater est quem nuptiae demonstrant, kutanthauza kuti bambo ndi amene ukwati ukumuloza. Ku Germany zonsezi zili m'buku la malamulo lotchedwa BGB. Ndime 1591 ili ndi chiganizo chimodzi chokha: mayi wa mwana ndi mkazi amene wamubereka. Ndime 1592 imatchula njira zitatu zokhalira bambo: kukhala mwamuna wa mayiyo pa ukwati tsiku limene mwana wabadwa, kuvomereza ubambo mwalamulo, kapena kugamulidwa ndi khoti. Vuto lanu ndi loti mpando wa bambo ndi umodzi. Ngati wokhalapo kale alipo chifukwa cha ukwati, chivomerezo cha munthu wina sichigwira ntchito mpaka woyambayo atachotsedwapo.

Koma khomo lotulukira lilipo. Mwana akabadwa pempho losudzulana litafika kale kukhoti, bambo weniweni atha kuvomereza mwana, inu n'kuvomera, amuna anu akale nawonso n'kusayina kuti akugwirizana nazo. Anthu atatu, mapepala basi, popanda mlandu wa ubambo. Chachikulu ndi chakuti pempholo lilowe kukhoti mwana asanabadwe. Mwatsala ndi miyezi iwiri, ndiye mawa lomwe funani loya, chifukwa kumeneko pempho losudzulana limapita kudzera mwa loya. Chaka chimodzi chopatukana chimene lamulo limafuna mwachidutsa kale katatu.

Nachisale
Zikomo kwambiri achimwene, mtima wayamba kutsika. Ndiye tikatero dzina la bambo ake lilembedwa tsiku lomwelo?

Thokozani
Pa njira imene ndafotokozayi, ayi. Chivomerezocho chimayamba kugwira ntchito khoti likathetseratu ukwati. Mwana akabadwa mlandu wosudzulana usanathe, m'kaundula amayamba alembamo amuna anu akale, kenako amadzakonza n'kukupatsani satifiketi yatsopano. Zowawa, koma n'zakanthawi. Njira ina ndi yokatsutsa ubambo kukhoti la mabanja, imene inu, amuna anu akale, bambo weniweni kapena mwanayo angayambitse, ndipo nthawi yake ndi zaka ziwiri kuchokera pamene munthu wadziwa zoti ubambowo ndi wokayikitsa. Imeneyo ndi yaitali ndipo kawirikawiri pamafunika kuyezetsa DNA.

Chinanso, mu Epulo 2024 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la Germany linagamula kuti abambo obereka sakupatsidwa mpata wokwanira wotsutsa ubambo wa munthu wina, n'kulamula aphungu kuti akonze lamuloli. Choncho loya wanu akuuzeni zimene zikugwira ntchito tsiku limene mukusayina.

A Mbewe
Ndamva, koma ndikufunsabe. Lamulo lotere analipangiranji? Likuoneka ngati lofuna kunamiza mwana.

Thokozani
Bambo, taganizirani nthawi imene kunalibe zoyeza magazi. Mwana wabadwa lero, akufunika munthu woti amudyetse, dzina loti atenge, chuma cha masiye choti adzalandire, dziko loti likhale lake. Boma silikanadikira kuti anthu ayambe afufuza za kuchipinda. Linangotenga chinthu chooneka ndi maso, chomwe ndi ukwati wolembedwa, n'kunena kuti uyu ndiye asenze. Mabanja ambiri lamuloli limawathandiza osazindikira n'komwe: mwamuna wokwatira sapemphedwa umboni uliwonse kuti alembedwe ngati bambo. Limapweteka okhawo amene moyo wawo wapita kutsogolo mapepala atatsalira m'mbuyo.

Ndipo amuna akale a mayiwa nawo ali m'madzi. Dzina lawo likakhala pamenepo, lamulo liziwawerengera ndalama zosamalira mwana amene si wawo, ndipo mwanayo adzakhala ndi gawo pa chuma chawo. N'chifukwa chake ambiri savuta kusayina.

Kondwani
Kuno ku England zimasiyana pang'ono. Mfundo yoti mwamuna wa pa ukwati ndiye bambo iliponso, koma si khoma ngati kumeneko. Mayi wokwatiwa akapita kukalembetsa mwana limodzi ndi bambo weniweni, onse n'kunena zoona, amalembedwa bambo weniweniyo. Kunena bodza kwa wolembetsa ndiye mlandu. Masiku olembetsera ndi 42, ku Scotland 21.

Kwa osakwatirana, mayi sangangotchula dzina la mwamuna yekha. Bamboyo ayenera kubwera kudzasayina, kapena kutumiza chikalata cholumbira, kapena pakhale chigamulo cha khoti. Ndipo kuyambira pa 1 Disembala 2003, bambo wosakwatira amene dzina lake lili pa satifiketi amakhala ndi mphamvu zonse za kholo: za sukulu, za chipatala, zotuluka ndi mwana m'dziko. Ndiye pali amayi ena amene amasiya dala mpatawo wopanda dzina poopa kupereka mphamvu kwa munthu amene amawazunza. Musamafulumire kuweruza mukaona mpata wa bambo uli mbee.

Nagama
Nkhani ya mpata wopanda dzinayi indilole ndiyankhulepo, chifukwa ine ndine mwana wa mpata umenewo.

Pa satifiketi yanga, pamene pamayenera kukhala dzina la bambo pali kamzere chabe. Bambo anga ndimawadziwa, mayi amawadziwa, abale onse amawadziwa, ngakhale mphuno yangayi ndi yawo. Koma tsiku lolembetsa anakana kupita, ndipo lamulo silimalola kuti mayi awatchule okha. Ndili mwana sindimasamala. Zinayamba kundiwawa nditakula, fomu iliyonse ikufunsa dzina la bambo, ine n'kumaima ndi cholembera m'manja osadziwa kuti ndilembe zimene ndikudziwa kapena zimene pepala langa likunena. Atamwalira, ana awo a m'banja anangonditambasulira satifiketi yanga yomweyo n'kufunsa kuti dzina lawo lili pati. Sindinapite kukhoti, ndinalibe mphamvu.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si chuma ayi. Ndi choti munthu wamkulu anapatsidwa ufulu wosankha kuti alembedwe kapena asalembedwe, ine khanda sindinapatsidwe ufulu uliwonse.

Mayi a Yankho
Pepa mwanawe. Zandikhudza.

Thokozani
Achemwali a Nagama, zimene mwanenazi ndi zomwe zinafika ku High Court ya ku Kenya mu Meyi 2016. Ndime 12 ya lamulo lawo lolembetsa obadwa ndi omwalira imati munthu asalembedwe ngati bambo pokhapokha iye ndi mayi apemphe limodzi, kapena pakhale umboni wa ukwati. Jaji Mumbi Ngugi anagamula kuti ndimeyo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo chifukwa ikusala ana obadwa kunja kwa ukwati. Makiyi anali m'thumba la bambo, khoti linawalanda.

Mfundo imeneyi ili m'mapangano a mayiko. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 7, limati mwana alembedwe akangobadwa, akhale ndi dzina ndi dziko, ndipo momwe zingathekere adziwe makolo ake ndi kuleredwa nawo. Pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana la 1990 limanenanso za dzina ndi kulembedwa pa ndime 6. Malamulo aakulu a Malawi a 1994, ndime 23, amati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo ali ndi ufulu wodziwa makolo awo.

Bambo a Tadala
Koma musaiwale kuti mpeni umenewu umacheka mbali zonse. Si abambo onse amene amathawa. Ku South Africa kunali abambo olera ana okha, mayi atamwalira, atasowa, kapena alibe mapepala a m'dzikomo, ndipo amabwezedwa chifukwa ndime 10 ya lamulo la 1992 imafuna chilolezo cha mayi kuti mwana wa kunja kwa ukwati alembedwe m'dzina la bambo. Mwana ali pamsana pa bambo ake, koma boma likuti bweretsani mayi. Mayi wake uti? Ana amakula opanda satifiketi, sukulu kuvuta, chithandizo cha boma osalandira. Constitutional Court inachotsa ndime imeneyi mu Sepitembala 2021, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linatengera kumeneko.

Ine wanga ndinamulera ndekha kuyambira ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Nkhani zoti bambo wosakwatira ndi mlendo pa mwana wake zimandiutsa mkwiyo.

Nagama
Bambo a Tadala, ulemu wanu. Akanakhala onse ngati inu bwenzi ine ndilibe nkhani.

A Mbewe
Ndiye bwanji osangothetsa makani? Masiku ano makina alipo. Mwana aliyense akabadwa amuyeze DNA pomwepo kuchipatala, dzina lotuluka ndi lomwelo lilembedwe. Palibe kukana, palibe kunamizana.

Chifundo
A Mbewe, mukatero mabanja angati angatsale? Ndiponso inu mukuona ngati satifiketi ndi lipoti la ku labotale. Si choncho.

Ine amene ndimawatcha bambo sanandibereke. Anakwatira mayi ndili ndi zaka ziwiri, n'kunditenga mwalamulo kukhoti kuti ndikhale mwana wawo. Dzina limene ndimalemba ndi lawo. Ndikudwala anagona pansi m'chipatala ndi iwowo, fizi analipira ndi iwowo, pa ukwati wanga analira ndi iwowo. Wondibereka ndinakumana naye kamodzi, tinapatsana moni ngati anthu okumana pa depoti. Makina anuwo akanalemba ameneyo. Tsiku limene dokotala akufuna kholo losayina kuti mwana achitidwe opaleshoni, mukufuna aitane ndani?

A Mbewe
Mayi, sindikunyoza wolera. Koma tsiku lina dokotala yemweyo adzakufunsani matenda a kumtundu kwanu. Mudzatchula a ndani?

Chifundo
Pamenepo mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinapita kukamuona kamodziko. Kudziwa ndimafuna. Koma kudziwa ndi kwina, kumupatsa mpando ndi kwina.

Kondwani
Zimene a Chifundo anenazi ndi zomwe malamulo ena amayesa kuchita, kulekanitsa zinthu ziwirizi. Ku England ndi Wales mwana wotengedwa mwalamulo amapatsidwa satifiketi yatsopano yokhala ndi mayina a makolo omulera, koma yoyamba ija sing'ambidwa. Akakwana zaka 18 ali ndi ufulu wokaitenga. Chimodzimodzi ana obadwa ndi mbewu ya munthu wopereka kuchipatala: woperekayo salembedwa pa satifiketi ndipo alibe udindo uliwonse, koma amene anapereka kuyambira Epulo 2005 sangabisikenso, mwana akafika zaka 18 atha kupempha dzina lake. Oyamba anafika msinkhu umenewo mu 2023.

Thokozani
Ndipo za kuyeza DNA mwachisawawa, mayiko ena amaletseratu. Ku France kuyeza ubambo kumafuna chilolezo cha jaji, wochita payekha atha kulipitsidwa mpaka 15,000 euro ndi kukhala m'ndende chaka chimodzi. Ku Germany kuyeza mobisa, kutenga tsitsi kapena mswachi wa mwana mayi osadziwa, n'koletsedwa.

Ngakhale mfundo ija yoti mayi sakayikitsa ili ndi pothawira. Ku France mayi atha kubereka mobisa dzina, amati accouchement sous X, ndipo satifiketi imatuluka yopanda dzina la mayi. Germany inasankha njira yapakati mu 2014: mayi amabereka ndi dzina longopeka, dzina lenileni limasungidwa mu envelopu yomata, mwana atha kuliona akakwana zaka 16. Cholinga n'choti mayi wothedwa nzeru aberekere kuchipatala m'malo motaya khanda.

Mphatso
Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. A Nachisale, mwina zikutonthozani kumva kuti ku Japan zinali zoposa pamenepa. Lamulo lawo limati mwana wobadwa pasanathe masiku 300 ukwati utatha ndi wa mwamuna wakale. Amayi othawa nkhanza amaopa kuti akalembetsa mwana, dzina la wowazunza lilowa m'kaundula ndipo adziwa kumene ali, ndiye amangosiya osalembetsa. Kunapezeka anthu okula mpaka kukhala akuluakulu opanda dzina m'kaundula wa mabanja, amene kumeneko amamutcha koseki. Anakonza mu Disembala 2022, n'kuyamba kugwira ntchito mu Epulo 2024: mayi akakwatiwanso mwana asanabadwe, mwanayo ndi wa mwamuna watsopano. Anachotsanso lamulo loletsa mkazi kukwatiwanso pasanathe masiku 100.

Nachisale
Kunditonthoza ayi, koma ndaona kuti si ine ndekha wopusa padziko.

Mayi a Yankho
Ine changa ndi china. Ndimamva kuti kumayiko mukukhalako anachotsa mawu oti mayi ndi bambo, tsopano akulemba kholo 1 ndi kholo 2. Zimenezo ndiye sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Ndinamva ululu wa pobereka ine, wina adzanditche nambala? Ndipo nambala 1 akhala ndani, 2 ndani?

Thokozani
Mayi, nkhani imeneyi imakula poyenda. Ya ku France imene inatchuka mu Febuluwale 2019 inali ya mafomu a kusukulu, osati satifiketi ya kubadwa. Aphungu anavomereza mawu a kholo 1 ndi kholo 2, anthu anakwiya, ndipo lamulo lomaliza linangoti fomu ipereke mwayi wosankha pakati pa bambo, mayi kapena woimira mwana mwalamulo. Ku Italy mkangano unali pa chiphaso cha unzika cha ana: Matteo Salvini ali nduna ya za m'dziko mu 2019 anabwezeretsa mawu oti bambo ndi mayi, ndipo mu Epulo 2025 khoti lalikulu la apilo linati mawu oti kholo agwiritsidwe ntchito pamene banja la mwanayo silikukwana m'mawu awiri aja.

Pa satifiketi yeniyeni, ku England wobereka amalembedwabe mayi. Chimene lamulo la 2008 linawonjezera n'choti mkazi mnzake wa mayiyo, ngati mwana anabwera kudzera m'chithandizo cha kuchipatala motsata malamulo, alembedwe ngati kholo pa mpata wachiwiri. Ku America, Supreme Court inagamula mu 2017 pa mlandu wa Pavan v. Smith kuti boma la Arkansas, poti limalemba mwamuna wa mayi ngakhale mbewu inachokera kwa wina, silingakane kulemba mkazi amene ali pa ukwati ndi mayiyo. Mwaona, ndi mfundo ya Aroma yomwe ija ikuvutitsa a Nachisale, yangotembenukira kwina. Ku Germany sizinatero: khoti linati mu 2018 mkazi wa mayi sakhala kholo chifukwa cha ukwati wokha, ayenera kudutsa njira yotenga mwana mwalamulo. Ndipo ku Ontario, m'dziko la Canada, kuyambira 2017 makolo mpaka anayi atha kulembedwa ngati anagwirizana polemba mimba isanakhale.

A Mbewe
Anayi?! Ndiye mwana akalakwa kusukulu amaitana komiti?

Mayi a Yankho
Ine chikhulupiriro changa sichindilola kuvomereza zimenezo, ndinene poyera. Mwana amachokera kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo pepala la boma lizinena zomwezo.

Chifundo
Mayi, chikhulupiriro chanu ndikuchilemekeza. Funso langa ndi la mwana amene wabadwa kale, ali m'nyumba imeneyo, sanasankhe. Womubereka akamwalira pa ngozi, winayo amene wamusambitsa zaka zisanu ndi ziwiri alibe pepala lililonse. Mwanayo apite kuti usiku umenewo?

Mayi a Yankho
Zimenezo khoti lingakonze ndi pepala lina la ulezi. Sizikufuna kusintha satifiketi ya kubadwa.

Woyang'anira gulu
Abale, mpaka pano mukukambirana mwaulemu, pitirizani choncho. Ndachotsa mauthenga awiri onyoza, eni ake akudzidziwa. Tikumbukirenso kuti mwini nkhani akufuna thandizo.

Kondwani
Kamodzi kokha ndiwonjezere, chifukwa mayi a Yankho angadabwe kuti makhoti ena ali mbali yawo pa mawu oti mayi. Freddy McConnell, mtolankhani wa ku England, anabadwa mkazi, boma linamuvomereza mwalamulo kuti ndi mwamuna, kenako anabereka mwana mu 2018. Anapempha kuti alembedwe ngati bambo kapena kholo. High Court inakana mu 2019, Court of Appeal inakananso mu Epulo 2020. Anati m'lamulo, mayi ndi dzina la amene wanyamula mimba n'kubereka, ndipo mwana ali ndi ufulu wodziwa amene anamubereka. Khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, linagamulanso mofanana mu Epulo 2023 pa mlandu wochokera ku Germany.

Mphatso
Nanga mayi wonyamulira ena mimba? Dzira la wina, mimba ya wina. Mayi ndi uti pamenepo?

Thokozani
Zimatengera malire a dziko amene mwanayo wabadwira. Ku UK wonyamula mimbayo ndiye mayi pa satifiketi yoyamba, ngakhale dzira si lake, ndipo ngati ndi wokwatiwa mwamuna wake kawirikawiri ndiye amawerengedwa bambo. Eni mwana amapita kukhoti akabadwa kukapempha chigamulo chowasamutsira ukholo, kenako satifiketi yatsopano imatuluka. Ku South Africa amayambira kukhoti: High Court imavomereza mgwirizano mimba isanakhale, motsata lamulo la ana la 2005, ndipo mwana akabadwa ndi wa eni akewo. Ku Germany ndi France n'zoletsedwa, ndiye mavuto amabwera anthu akakachitira kunja n'kubwera ndi satifiketi imene dziko lawo silikuifuna. Banja la Mennesson linalimbana ndi France zaka zambiri chifukwa cha ana awo amapasa obadwira ku California, mpaka khoti la ku Strasbourg linagamula mu 2014 kuti France inaphwanya ufulu wa anawo.

A Mbewe
Mutu wanga wazungulira. Ine ndimadziwa kuti satifiketi ndi yonena kuti wakuti anabala wakuti, basi.

Nagama
Inenso ndimafuna itamanena zimenezo, bambo. Yanga sinena n'zomwezo.

Bambo a Tadala
A Nachisale, tibwerere kwa inu. Bambo a mwanayo muwauze asakhumudwe n'kukhala pakona. Apite nanu kwa loya, mapepala ovomereza mwana akonzeretu, ndipo tsiku lobereka akhale pomwepo. Ndiponso amuna anu akale musawatumizire uthenga wa pa foni wongoti sayinani apa. Muwaimbire, muwafotokozere kuti nawonso zikuwapulumutsa. Munthu ukamudzidzimutsa ndi mapepala a khoti amauma khosi ngakhale pa chinthu chomuthandiza.

Thokozani
Ndikugwirizana nazo. Chivomerezo cha ubambo chimalembedwa pamaso pa wogwira ntchito wovomerezeka, ku Jugendamt (ofesi ya boma yoona za ana ndi achinyamata), ku ofesi yolembetsa obadwa kapena kwa notale (wotsimikizira zikalata mwalamulo), ndipo chilolezo cha amuna anu akale nachonso chiyenera kulembedwa mwa njira yomweyo, kalata ya pamanja siyokwanira. Mufunsenso za dzina la banja limene mwana adzatenge poyamba ndi mmene lidzasinthire, komanso za unzika ngati bambo awiriwa ndi a mayiko osiyana, chifukwa pasipoti ya mwana imatsata bambo wa pa pepala. Ndipo poti simuli pa ukwati ndi bambo a mwanayu, kulembedwa ngati bambo sikuwapatsa okha mphamvu zolera limodzi. Pamafunika chikalata china chogawana udindo, chimene mungasayine ku Jugendamt komweko.

Nachisale
Ndabweranso, pepani ndinasowa masiku awiri. Loya tamupeza, pempho losudzulana alipereka kukhoti sabata ino. Anaseka nditamuuza kuti ndinabwera kale ndi nambala ya ndime.

Amuna anga akale ndinawaimbira monga munanenera, Bambo a Tadala. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndimaganiza kuti foni yaduka. Kenako anati, "Ndiye ukundiuza kuti ndatsala pang'ono kukhala ndi mwana?" Tinaseka tonse, koyamba m'zaka zitatu. Akuti asayina, koma akufuna ayambe aonana ndi loya wawo, ndipo mayi amene akukhala nawo panopa sakudziwa n'komwe kuti ukwati wathu sunathe pa pepala. Akuti ndiwapatse mpaka Lamlungu kuti apeze poyambira.

A Mbewe
Hede! Ameneyo ndiye ali ndi mlandu woposa wanu.

Nagama
Mudzatiuze Lolemba, achemwali. Ndipo satifiketi yoyambayo, ngakhale idzakhale ndi dzina lolakwika, musadzaitaye. Mwana adzafunsa.

Nachisale
Ndidzaisunga. Koma adokotala akuti mwanayu wagona kale chamutu ndipo akuoneka wachangu, ndiye pempherani kuti kalata ya loya ifike kukhoti iye asanafike.